John Bunyan, Wokhoma Mapoto Amene Adasanduka Mbusa ndi Mlembi

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene buku lake lidafika m'midzi yambiri kumene dzina lake silidafikeko. Akuluakulu amene adaphunzira m'sukulu za mishoni akukumbukira munthu uja wovala nsanza, wosenza chikatundu kumsana, buku lili m'manja, akuthawa mumzinda umene udali pafupi kuwonongedwa. Munthuyo ndi wa m'buku lotchedwa The Pilgrim's Progress, limene kuno limadziwika ndi dzina loti Ulendo wa Mkhristu. Mlembi wake adali John Bunyan, mbusa wa m'tauni ya Bedford ku England, amene adakhala m'ndende zaka 12 chifukwa cholalikira popanda chilolezo. Chodabwitsa pa ukaidi wakewo n'chakuti chitseko chikadamtsegukira, iye akadangolonjeza chinthu chimodzi: kuti sadzasonkhanitsanso anthu n'kumawalalikira. Iye adakana kulonjeza, ndipo mtengo wa kukanako sadaulipire yekha.

Bunyan adabadwa m'chaka cha 1628 m'dera la mudzi wa Elstow, pafupi ndi Bedford. Bambo ake, a Thomas Bunyan, adali mmisiri wokhoma ndi kumata mapoto, maketulo ndi ziwiya zina zachitsulo. Aliyense amene adaonapo anthu okhoma ndowa pamsika akudziwa ntchito imeneyi, koma ku England masiku amenewo inkanyozeka koposa, pakuti ambiri oigwira adali oyendayenda, ndipo anthu ankawaganizira za kuba ndi uchidakwa. Banja la a Bunyan lidali ndi kanyumba kawokawo, ndipo mwanayo adamtumiza kusukulu kufikira atadziwa kuwerenga ndi kulemba. Maphunziro ake adathera pomwepo. Atasinkhuka adayamba kutsata bambo ake m'mafamu, zida zili paphewa.

Chaka cha 1644 chidamgwera moipa. Mayi ake adamwalira, patapita mwezi umodzi mlongo wake Margaret adatsatira, ndipo misozi isadaume bambo ake adakwatira mkazi wina. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 16, adalowa usilikali. Dziko la England lidali pa nkhondo yapachiweniweni pakati pa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo mnyamatayo adakhala m'gulu la Nyumba ya Malamulo ku Newport Pagnell mpaka 1647. Pambuyo pake adasimba kuti tsiku lina mnzake adampempha kuti apite m'malo mwake kokazinga tauni ina, ndipo mnzakeyo adaomberedwa m'mutu ali pa ulonda, nafa. Chinthu chimenechi sichidamchoke mumtima moyo wake wonse.

Atabwerera kumudzi adakwatira mtsikana wosauka ngati iye yemwe. Dzina la mkaziyo silidalembedwe paliponse, ngakhale ndi mwamuna wake, koma chimene adabwera nacho m'banja chimadziwika: mabuku awiri achipembedzo amene bambo ake adamsiyira. Ankawerenga mabukuwo limodzi madzulo. Mwana wawo woyamba, Mary, adabadwa mu 1650 ali wosaona.

Zaka zotsatira zidali za nkhondo ya mumtima. Bunyan adali wotchuka m'mudzimo ndi kutukwana, kotero kuti mayi wina, amenenso mbiri yake sidali yabwino, adamdzudzula pagulu kuti aononga achinyamata onse a m'mudzi. Ankakonda kuvina, kusewera pabwalo tsiku la Sabata, ndi kuliza mabelu a tchalitchi. Omvera ena angaseke kuti machimo ake adali omwewo, koma kwa iye zidali zolemera. Atasiya kuliza mabelu ankapitabe kukaonerera anzake, mpaka mantha adamgwira akuti belu limgwera. Adasunthira pakhomo, ndipo pamenepo adayamba kuopa kuti nsanja yonse igwa, nathawa. Chimene chidamtembenuza sichidali ulaliki wa munthu wophunzira. Tsiku lina akuyenda ndi ntchito yake m'Bedford adapeza amayi atatu kapena anayi osauka atakhala pakhomo akuothera dzuwa, akukambirana za kubadwanso mwatsopano mokondwa ngati anthu amene atola chuma. Iye, amene ankadziyesa wodziwa kulankhula za Mulungu, adaona kuti sakumvapo kanthu. Amayiwo adamtengera kwa mbusa wawo, John Gifford, amene kale adali mkulu wa asilikali a mfumu, ndipo mu 1653 Bunyan adalowa mumpingo wawo, umene udali wodziimira paokha.

Sipadapite nthawi abale a mumpingomo adazindikira kuti wokhoma mapotoyo ali ndi mphatso ya mawu. Adayamba kulalikira m'midzi, m'nkhokwe za mafamu ndi pansi pa mitengo, ndipo anthu ankabwera mazanamazana, ena kudzamva, ena kudzaseka. Abusa ophunzira ku Cambridge ndi ku Oxford ankafunsa kuti munthu wosadziwa Chigiriki angamasulire bwanji Malembo. Buku lake loyamba lidatuluka mu 1656, lotsutsana ndi gulu la a Quaker, ndipo kunena zoona lidali laukali kuposa lanzeru. Mu 1658 mkazi wake adamwalira, namsiyira ana anayi. Chaka chotsatira adakwatira Elizabeth, mtsikana wa zaka ngati 18. Dzina limeneli omvera alisunge, pakuti theka la nkhaniyi ndi lake.

Tsono zinthu m'dziko zidatembenuka. Mfumu Charles I adaphedwa mu 1649, ndipo mu ulamuliro wa Oliver Cromwell mipingo ing'onoing'ono idapuma bwino. Cromwell atamwalira mu 1658 anthu adatopa ndi chisokonezo, naitana mwana wa mfumu yophedwayo, Charles II, amene adalowa ufumu mu 1660. Walira mvula walira matope: pamodzi ndi mfumu padabweranso mabishopu ndi lamulo lakuti aliyense azipembedza mu Church of England, mpingo wa boma. Olamula ankaona misonkhano ya m'nkhokwe ngati malo opanganiramo chiwembu, ndipo mantha awowo sadali opanda maziko, poti ambiri mwa alaliki otere adali asilikali akale a gulu limene lidadula mutu wa mfumu.

Pa 12 Novembala 1660 Bunyan adapita kukalalikira pa famu ina ku Lower Samsell. Mwini nyumba adamtsina khutu kuti kalata yomumangira yatuluka kale kwa woweruza Francis Wingate, ndipo adamlangiza kuti athawe. Bunyan adatuluka panja nayendayenda m'munda akusinkhasinkha. Adaona kuti iye, amene ankalimbikitsa ena, akathawa, ofooka onse adzati mawu ake adali apakamwa chabe. Adabwerera m'nyumba, ndipo atangoyamba mapemphero wapolisi adalowa.

Mlandu wake udazengedwa mu Januwale 1661 pamaso pa Sir John Kelynge ndi oweruza ena, potsata lamulo lakale la mu 1593. Adatsutsana nthawi yaitali za buku la mapemphero la mpingo wa boma, Bunyan akulimbikira kuti pemphero lenileni limachokera mumtima mwa Mzimu, osati papepala. Chigamulo chidali chakuti akhale m'ndende miyezi itatu. Akapanda kugonja adzapirikitsidwa m'dziko, ndipo akadzabwerera popanda chilolezo adzapachikidwa. Iye adawauza poyera kuti akangomtulutsa adzalalikiranso m'mawa mwake. Miyezi itatu itatha adamtumizira mlembi wa bwalo, Paul Cobb, munthu waulemu amene adamnyengerera ngati mnansi. Cobb adati palibe akumletsa kulangiza mnzake mmodzi kapena awiri mseri; choletsedwa ndi msonkhano basi. Bunyan adayankha kuti ngati n'kololedwa kuchitira zabwino munthu mmodzi, sakuona chifukwa choletsera kuchitira zabwino anthu zana. Adaonjeza kuti boma amalimvera m'njira ziwiri: kuchita zimene lalamula pamene chikumbumtima chikulola, ndi kulandira chilango mosawiringula pamene sichikulola. Miyezi itatu ija idasanduka zaka 12.

Tsopano nkhani ibwerere kunyumba. Pamene mwamuna wake ankamangidwa, Elizabeth adali woyembekezera. Atamva uthengawo adadzidzimuka, matenda adamyamba nthawi isadakwane, adavutika masiku 8, ndipo mwanayo adapita padera. Adatsala ndi ana anayi a mkazi mnzake, wamkulu wosaona, popanda wogwira ntchito pakhomo. Mtsikana ameneyu, wosaphunzira, wosadziwa njira za mabwalo, adayenda ulendo wa mamailosi 50 kupita ku London kukapereka dandaulo ku nyumba ya akuluakulu a ufumu yotchedwa House of Lords. Kumeneko adamuuza kuti nkhaniyo ndi ya oweruza oyendera madera. Oweruzawo atafika ku Bedford mu Ogasiti 1661, iye adawafikira katatu. Ulendo woyamba adapereka kalata kwa Sir Matthew Hale, amene adailandira mofatsa. Ulendo wachiwiri adaiponya m'ngolo ya woweruza Thomas Twisden ikudutsa mumsewu, ndipo adamkalipira. Ulendo wachitatu adalowa, thupi likunjenjemera, m'chipinda cha nyumba ya alendo yotchedwa Swan, mmene oweruza ndi eni minda a m'deralo adasonkhana.

Zimene zidayankhulidwa m'chipindamo adakazifotokozera mwamuna wake, iye nazilemba, ndipo zidasungidwa mpaka kusindikizidwa mu 1765. Elizabeth adati mwamuna wake adamangidwa mosatsata lamulo, pakuti sadavomere mlandu monga mmene kudalembedwera. Twisden adamfunsa ngati mwamunayo angasiye kulalikira, kuti ngati angatero amuitanitse pomwepo. Apa ndiye padali pothawira. Mkazi wanjala, woferedwa, akadangoti inde, kapena kuti akayesa kumnyengerera, palibe akadamdzudzula. Iye adayankha kuti mwamuna wake sangayerekeze kusiya malinga ngati ali ndi mawu pakamwa. Adawauzanso maso ndi maso kuti munthuyo akumanidwa chilungamo chifukwa ndi wosauka ndiponso wokhoma mapoto. Hale adamva chisoni atamva za ana ndi za mwana wotayikayo, koma chimene adampatsa ndi malangizo okha a njira zamalamulo zofuna ndalama zimene iye adalibe. Elizabeth adatuluka akulira.

Pano mpofunika kuima pang'ono, chifukwa olemba mbiri za anthu oyera amakonda kudumphapo. Kodi bambo ali ndi ufulu wosunga chikumbumtima chake choyera pamene ana ake akudya zopempha? Funso limeneli si la adani ake okha. Bunyan mwini lidamsautsa. Adalemba kuti ankadziona ngati munthu amene akugwetsera denga pamutu pa mkazi ndi ana ake, ndipo kuti koposa onse ankalingalira za Mary, kuti mwana wosaonayo adzamenyedwa, adzapemphetsa, adzazizidwa ndi kugona ndi njala. Sadabise kuti ankaopanso imfa, ndi kuti mwina pokwera makwerero a popachikira adzanjenjemera nachititsa manyazi mpingo. Munthu angathe kugamula kuti adalakwira banja lake, ndipo woganiza motero sayenera kutchedwa wopanda chikhulupiriro. Chimene chimalemeretsa mbali inayo ndi yankho lija la Elizabeth m'chipinda cha Swan. Amene adasenza mtolowo ndiye adakana kuutula pamene adampatsa mpata.

Ndende ya Bedford idali yozizira ndi yothithikana, makamaka pambuyo pa 1662, pamene abusa pafupifupi 2,000 adachotsedwa mu mpingo wa boma ndipo malamulo oletsa misonkhano adakhwima. Komabe sidali yotsekeratu. Nthawi zina woyang'anira ndende ankamlola kutuluka, ndipo ulendo wina adakafika ku London, zimene zidatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito woyang'anirayo. Pofuna kuthandiza banja, Bunyan adaphunzira kupanga zingwe zomangira nsapato ndi zovala, zokhala ndi kachitsulo kunsonga, nazigulitsa zambirimbiri. Ankalalikira akaidi anzake. Mabuku ake adali Baibulo ndi mbiri ya ofera chikhulupiriro yolembedwa ndi John Foxe. Ndipo ankalemba. Mu 1666 adatulutsa Grace Abounding to the Chief of Sinners, mbiri ya nkhondo ya mumtima mwake, mmene mudachokera zambiri zimene zasimbidwa kale zija.

Mu Januwale 1672, akadali mkaidi, mpingo wa ku Bedford udamsankha kukhala mbusa wake. Mu Malichi mfumu idalengeza kuti yafewetsa malamulo a chipembedzo, ndipo mu Meyi Bunyan adalandira chilolezo cholalikira. Mpingowo udagula nkhokwe m'munda wa zipatso mu Mill Street, nuisandutsa nyumba yopemphereramo. Adayendera timipingo ta m'midzi yozungulira mwakhama kotero kuti anthu adamutcha, mwanthabwala ndi mwaulemu pomwe, Bishopu Bunyan. Ufuluwo sudakhalitse, Nyumba ya Malamulo idakakamiza mfumu kubweza chilengezo chake mu 1673, ndipo Bunyan adalowanso m'ndende kwa miyezi ngati 6, natuluka mu 1677.

Potuluka adali ndi mpukutu wa mapepala umene akatswiri ambiri amati adauyamba m'zaka zomalizira za ukaidi woyamba. Anzake atauwerenga adagawanika: ena adati usindikizidwe, ena adati nthano yotere siyenera mbusa. John Owen, mmodzi wa ophunzira kwambiri a nthawiyo, amene ankakonda kumva wokhoma mapotoyo akulalikira, adali ndi wosindikiza mabuku wake dzina lake Nathaniel Ponder, ndipo ameneyu ndiye adatulutsa The Pilgrim's Progress mu 1678, pa mtengo wa shilingi imodzi ndi mapeni 6. Lidatha msanga. Mlembi wake asadamwalire lidasindikizidwa maulendo 11, lidaoloka nyanja kukasindikizidwa ku Boston mu 1681, ndipo lidamasuliridwa m'Chidatchi mu 1682 ndi m'Chifalansa mu 1685. Ogula ake oyamba adali antchito, alimi ndi amisiri. Anthu apamwamba adatenga zaka zoposa zana asadavomere kuti ndi buku lolembedwa mwaluso.

Mphamvu ya bukuli ili poti zonse zili mmenemo mlembi adaziponda ndi mapazi ake. Thope limene Mkhristu adatitimiramo ndi la misewu ya kwawo nthawi ya mvula. Katundu wa kumsana adaudziwa munthu amene ankasenza chitsulo chosulirapo kuchoka famu ina kupita ina. Chitsulo chokhala ndi dzina lake ndi chaka cha 1647 chikusungidwa ku Bedford. Msika wa zachabechabe, kumene chilichonse chili pamalonda ndipo alendo okana kugula amazengedwa mlandu, uli ndi woweruza waukali amene ambiri amati ndi chithunzi cha Kelynge. Anthu a m'njiramo, wolankhulalankhula wosachita kanthu, wanzeru za dziko wolangiza njira yachidule, wopembedza pokhapokha dzuwa likawala, aliyense angawaloze pamudzi pake. Ndipo pali malo ena amene amamveka mwina munthu akadziwa mbiri ya mlembi. Mkhristu ndi mnzake atsekeredwa m'linga la chimphona cha kutaya mtima, chimene chikuwamenya ndi kuwauza kuti adziphe. Atagona m'menemo masiku angapo, Mkhristu akumbukira kuti pachifuwa pake pali kiyi wotchedwa Lonjezo, wotsegula chitseko chilichonse cha lingalo. Wolemba zimenezi adali munthu amene kwa zaka 12 adali ndi kiyi wa lonjezo lina m'kamwa mwake, lija ankalifuna oweruza, ndipo sadamgwiritse ntchito.

Owerenga ambiri a mu Africa, kumene munthu sayenda ulendo wotere osatsazika abale, amakhumudwa poona Mkhristu akuthawa atatseka makutu ndi zala, mkazi ndi ana akumuitana pakhomo. Bunyan adabwerera ku nkhani imeneyi mu 1684, polemba gawo lachiwiri, mmene mkazi uja, Christiana, anyamuka ndi ana ake anayi kutsata njira yomweyo. Ulendo wachiwiriwu ndi wa gulu: muli amayi, ana, okalamba, olumala ndi amantha, ndipo amphamvu amayenda modikira ofooka. N'kovuta kuwerenga za mayi ameneyu ndi ana anayi osakumbukira Elizabeth. Bukuli lilinso ndi zipsera za nthawi yake. Limajambula Papa ngati chimphona chokalamba chokhala m'phanga, zimene Akatolika sangazilandire, ndipo wonyenga wina wa m'njira limamuonetsa ngati munthu wa khungu lakuda wovala mkanjo woyera, chinthu chimene chidavutitsa omasulira a ku Africa kuno.

Ngakhale zili choncho, mwa zinenero zoposa 200 zimene bukuli lidamasuliridwamo, pafupifupi 80 ndi za mu Africa, monga adaonetsera Isabel Hofmeyr wa ku South Africa m'buku lake la mu 2004. Amishoni ankalimasulira atangotha mbali zina za Baibulo, koma eni nthaka adalilandira pa zifukwa zawozawo. Ku Madagascar, pamene Mfumukazi Ranavalona I idaletsa Chikhristu mu 1835, okhulupirira obisala ankasunga bukuli ngati chuma, poona kuti msika uja wozenga milandu alendo ndi dziko lawo lomwe. Ku South Africa, Mbusa Tiyo Soga adalimasulira m'Chixhosa m'zaka za m'ma 1860, ndipo kumasulira kwakeko kudasanduka mwala wa maziko a zolembalemba za chinenerocho.

Kutchuka sikudamlemeretse Bunyan. Masiku amenewo phindu la buku linkapita kwa wosindikiza, ndipo ena ankangolisindikiza mwakuba. Adalemba mabuku pafupifupi 60, kuphatikizapo The Life and Death of Mr Badman mu 1680 ndi The Holy War mu 1682. Mnzake Charles Doe adasimba kuti ku London anthu ngati 1,200 ankasonkhana kudzamumva 7 koloko m'mawa, tsiku lantchito, nyengo yachisanu. Koma iye adakhalabe m'kanyumba kake ku Bedford, ndi mpingo wake wa m'nkhokwe. Mu 1685, mazunzo atabukanso, adalemba kalata yopereka katundu wake yense kwa Elizabeth, kuti akamangidwanso boma lisalande kanthu.

Mu Ogasiti 1688 mnyamata wina woyandikana naye nyumba, amene adayambana ndi bambo ake mpaka kufuna kumchotsa pa chuma chamasiye, adapempha mbusayo kuti akamnenere. Bunyan adakwera kavalo kupita ku Reading, nawayanjanitsa awiriwo. Pochoka kumeneko kulowera ku London, mtunda wa mamailosi 40, mvula yamphamvu idamnyowetsa njira yonse. Adafika kwa mnzake John Strudwick, wogulitsa m'sitolo ku Snow Hill, adakalalikirabe pa 19 Ogasiti, kenaka thupi lidatentha nagona. Adamwalira pa 31 Ogasiti 1688, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 60, ndipo adaikidwa ku Bunhill Fields, manda a anthu osakhala a mpingo wa boma. Katundu wake yense atawerengedwa adakwana mapaundi 42 ndi mashilingi owerengeka. Chaka chotsatira, mu 1689, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola mipingo ngati wake kusonkhana poyera. Elizabeth adaliona lamulolo likugwira ntchito. Iye ndiye adasunga mapepala a mwamuna wake osasindikizidwa, amene Charles Doe adawasonkhanitsa nawatulutsa mu 1692.